Ba Mbewe a mu Kontena

Ba Mbewe anamwalira Lachiwiri m'mawa, nyengo yotentha, ndipo uthenga wa maliro awo unazungulira komboni yathu yonse ya Kalingalinga, mu Zambia muno, pa mafoni amene iwo eni anakonza. Pofika masana nkhaniyo inali itasintha kale katatu. Wina analemba kuti agundidwa ndi minibasi. Wina anati awathirira mankhwala m'chakudya. Wina anatumiza chithunzi cha mdala wadazi amene sanali ba Mbewe n'komwe, pansi pake atalembapo mawu a m'Baibulo. Zoona zake n'zakuti anagwa pakhonde pawo akumanga zingwe za nsapato kuti azipita kuntchito, ndipo sanadzukenso. Tsopano patha chaka. Ana awo anandipempha kuti ndikanene mawu tsiku loika mwala pamanda, ndinakana, chifukwa zina mwa zimene ndikudziwa sizoyenera kunenera kumanda. Ndiye ndazilemba.

Ine ndine telala. Amanditchula amake Dalitso. Kwa zaka khumi ndi chimodzi kashopu kanga kanatsamirana ndi kontena yawo, m'mbali mwa msewu umene akalipentala amandandalika mabedi ndi masofa, owotcherera zitsulo n'kuimika mageti awo. Khoma la kontena ndi lopyapyala. Zambiri za ba Mbewe sanandiuze ndi iwo. Ndinazimva ndili pa makina anga.

Sanali munthu wokoma pakamwa. Amene akulira kwambiri lero ndi omwewo amene anatukwanidwapo chifukwa chothira foni m'mpunga itagwera m'madzi, kapena chifukwa chogula chaja ya pamsewu yotentha ngati mbaula. Ankafika dzuwa litangotuluka, atavala shati yoyera yosita bwino, ngakhale m'miyezi ya fumbi. Asanatsegule loko ankabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyang'ana padenga ngati sola yawo yagona bwino. Akalowa, choyamba chinali wailesi. Ankayankha owerenga nkhani ngati akuwamva. Mkulu wina wa boma akalonjeza kuti malaiti asiya kuzima, ba Mbewe ankamufunsa mokweza kuti madzi odzaza damu awatenga kuti. Nyuzipepala ankagula ziwiri, ina yoyamikira boma, ina yolinyoza, ndipo ankati munthu amene amawerenga imodzi yokha kuli bwino asawerenge n'komwe.

Mnzawo wa mikangano anali ba Sakala, wowotcherera zitsulo wa tsidya la msewu, chimunthu chachikulu cha mawu ngati ng'oma. Pafupifupi m'mawa uliwonse ankawoloka foni ili m'mwamba.

"Ba Injiniya, mwaona vamene vachitika ku tauni?"

"Wakutumizira ndani?"

"Ni mu gulu ya ku chechi."

"Anajambula ndani? Liti?"

"Ah, imwe naimwe! Vonse mufuna umboni monga tili ku khoti."

"Ndiye bwerera ukawotcherere geti la eni ake. Ukadziwa amene anajambula ubwerenso."

Ba Sakala ankachoka akudandaula, mawa lake n'kubweranso ndi ina. Awiriwa sanavoterepo chipani chimodzi, koma foni ya ba Sakala inkakonzedwa mwaulere, ndipo zitsulo zotchingira sola ija kuti asaibe anaziwotcherera ndi ba Sakala.

Panali lamulo limodzi limene ba Mbewe sankaliphwanya: sankatsegula zithunzi kapena mauthenga a m'foni ya munthu. Ankati foni masiku ano ili ngati chipinda chogona, ndipo wokonza denga sakhala ndi chifukwa chosuzumira pansi pa bedi. Bambo wina anabwera ndi foni ya mkazi wake, akufuna kuti amutsegulire aone amene amamuimbira. Ba Mbewe anamufunsa ngati mkaziyo ali moyo. Atayankha kuti inde, anamuuza kuti apite akamufunse pakamwa. Chisankho chitayandikira, amuna ena a chipani anabwera ndi katoni yodzaza masimu a foni, akufuna kuti awalumikizire kompyuta yotumiza mauthenga onyoza munthu amene ankapikisana ndi wa chipani chawo. Analonjeza ndalama zabwino. Ba Mbewe anakankhira katoniyo panja ndi phazi. M'mawa mwake tinapeza chitseko cha kontena chitalembedwa mawu otukwana ndi penti yakuda. Sanafute. Anati amene analemba aziwerenga yekha akamadutsa, aone kuti analakwitsa sipelo.

Dzina lakuti ba Injiniya silinali lonyoza. Asanabwere mu kontena anali mkulu wa akatswiri a makina pa kampani ina yaikulu ya za mafoni m'tauni. Anali ndi galimoto la kampani, nyumba ya mpanda ku mayadi, ndi ana awiri pa sukulu yolipira. Anabadwira mu Kalingalinga momwemo. Bambo awo anachokera ku Malawi ali mnyamata, n'kugwira ntchito yophika kwa azungu mpaka kukalamba, ndipo kanyumba kawo ka zipinda zitatu n'kamene ba Mbewe anabwereramo ndi banja lawo atasiya ntchito. Anthu sanakhulupirire kuti munthu angasiye malipiro otere mwa kufuna kwake. Ena ankati anaba. Ena ankati anapenga ndi maphunziro.

Mkazi wawo, amake Chisomo, sanakhulupirirenso, ngakhale anaiona kalata yosiyira ntchito ndi maso awo. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri sanapondemo mu kontena. Ankabweretsa chakudya cha masana, n'kuima panja padzuwa, mkangano n'kuyambira pomwepo.

"Atate ake Chisomo, dzulo ndakumana ndi akazi a ba Tembo, amene munkawalamula aja. Akuyendetsa galimoto lawolawo. Anandiimira kuti andinyamule. Mukudziwa mmene ndinamvera?"

"Ukanakwera. Dzuwa linali loswa mtengo."

"Chisomo anachoka pa sukulu yabwino chifukwa cha inu. Ine ndimatunga madzi pa mpope wa aliyense chifukwa cha inu. Mwapeza chiyani m'chitini muno?"

"Ndimagona tulo."

"Inu nokha. Ife ayi."

Ankasiya mbale pa sitepe n'kumapita. Pambuyo pake mu kontena munkakhala zii kwa ola lathunthu, wailesi yozimitsa.

Chifukwa chenicheni anandiuza kamodzi kokha, masana ena malaiti atazima kuyambira m'mawa, tonse titakhala panja kusowa chochita. Anati kwa zaka zisanu ndi zitatu zomaliza pa kampani ija sanagwirepo sikurudiraiva. Ntchito inali misonkhano. Kenako anawapatsa gulu la achinyamata anzeru kuti apange njira yoti munthu azitha kubetcha pa mpira ndi kafoni kalikonse, ngakhale ka mabatani. Anaipanga, ndipo inayenda bwino kwambiri. Anawapatsa mphoto pa phwando la ku hotela. Loweruka lina anabwera kudzaona mayi awo kuno, n'kupeza kalipentala amene anaphunzira naye giredi wani atakhala pansi m'shedi mopanda kanthu. Makina ake opalira matabwa anali atagulitsa. Anawaonetsa kafoni kake monyadira, akuwatchula dzina lawo loyamba, kuti taona, Lakisoni, zinthu zanu zija, tsiku lina ndidzawina.

"Sanadziwe kuti ndi ine ndinakonza batani limene ankadina," anatero ba Mbewe. "Ndinaliika pamalo pamene chala chimagwera chokha. Tinakhalira msonkhano masiku atatu kukambirana za batani limenelo."

Sananene zambiri kuposa pamenepo, ndipo sanadzitamandepo nazo. Ankavomera kuti kusiya kwawo sikunaletse kanthu. Wina anakhala pampando wawo Lolemba lotsatira. Chimene anachita n'chakuti malaiti akazima, amayi a pamsika ankatchaja mafoni pa sola yawo mwaulere, koma mwamuna aliyense amene anamuona akubetcha ankamubweza.

Tsopano ndinene za Lachinayi lija, chifukwa ndi limene anthu a mu msewu wathu safuna kulikumbuka.

Sabata imeneyo komboni yonse inali pa mantha. Kunamveka kuti kuli anthu oba ana. Palibe amene ankadziwa mwana ngakhale mmodzi amene anabedwa, koma aliyense ankadziwa wina amene anamva kwa wina. Kenako kunabwera vidiyo. Inkaonetsa mwamuna wa kapusi yofiira akunyamula kamtsikana pageti n'kukaponya m'galimoto. Pansi pake panalembedwa kuti a ku Kalingalinga chenjerani, afika. Ine ndinaiona Lachitatu, ndipo ndinaitumiza ku magulu atatu: la ku tchalitchi, la matelala, ndi la makolo a pa sukulu. Sindinaganize kawiri. Ndinaona ngati ndikuthandiza.

Lachinayi ana anaweruka masana monga mwa nthawi zonse, koma Natasha, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri wa mayi wogulitsa tomato pakona, sanafike kunyumba. Amake Natasha anayamba kufunsa khomo ndi khomo, kenako kuthamanga, kenako kukuwa. Wina anati waona mwamuna wachilendo akujambula ndi foni pafupi ndi sukulu. Wina anafunsa kuti wavala chiyani. Kapusi yofiira.

Ndinamva phokosolo lisanafike, ngati mvula ikubwera pa malata. Nditatuluka ndinaona bambo wa msinkhu wapakati akuthamanga pakati pa masofa a akalipentala, nsapato imodzi itavuka, magazi ali kukamwa. Anapunthwa pa ngalande n'kugwa pamaso penipeni pa kontena. Foni yake inagwera uko. Anthu anali kumbuyo kwake ngati mayadi makumi awiri.

Ba Mbewe anali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo sindinawaonepo akufulumira. Tsiku limenelo anamugwira munthuyo pa kolala, kumukokera mkati, kutuluka, kutseka zitseko zonse ziwiri n'kukhoma loko. Kiyi anaiponya padenga, kuseri kwa sola. Anatola foni ya munthuyo n'kuiika m'thumba la shati. Kenako anatsamira chitseko.

"Amake Dalitso," anatero osandiyang'ana, "imbani polisi. Mukamaliza mukhale mkati."

Ndinaimba, koma mkati sindinakhale. Ndinaima pakhomo panga.

Anthu anadzaza msewu wonse mpaka minibasi zinaima. Ambiri ndinkawadziwa. Ena ndinawasokerapo mayunifolomu a ana awo. Mnyamata wina ankagubuduza tayala. Wina ananyamula botolo la petulo.

"Tipaseni uyo munthu!"

"Chokaniponi, mdala! Mufuna tikushokeni na moto pamodzi?"

"Bali pamodzi aba! N'chifukwa chake anam'bisa!"

Wina anakuwa kuti aitane ba Sakala adzadule loko. Malaiti kunalibe, choncho makina odulira sakanagwira ntchito, koma ba Sakala anatulukira ndi chitsulo chachitali chokanulira. Anthu anawapatsa njira. Anaima pamaso pa mnzawo, thukuta lili chuchuchu.

"Ba Injiniya, sinifuna kumipweteka. Chokaniponi chabe. Ni mwana wasowa."

"Ndamva. Ndionetse vidiyo ija."

"Si nthawi ya mafunso yanu ino!"

"Ndionetse, Sakala."

Ba Sakala anawapatsa foni. Ba Mbewe anaiyang'ana pafupi, kuibweza, kuiyang'ananso, kenako anaikweza m'mwamba.

"Taonani galimotoli! Chiwongolero chili kumanzere. Likuyenda mbali ya kumanja kwa msewu. Nambala yake si ya kuno. Munaliona kuti galimoto lotere mu Kalingalinga? Vidiyo iyi si ya mu Zambia!"

Zimene ananenazo zinali zoona, koma palibe anamva. Akutsogolo anamva mwina, koma akumbuyo ankangokankha. Mwala woyamba unamenya kontena, chitsulo chinalira mpaka m'mano. Mkati munthu uja anayamba kupemphera mokweza. Mwala wachiwiri unali chibenthu cha buloko. Unawapeza ba Mbewe pa diso la kumanzere.

Anagwada bondo limodzi. Magalasi awo anagwera mu ngalande. Shati yoyera ija inafiira kuyambira paphewa mpaka pa lamba. Ndinaganiza kuti basi, zatha, awaponda. Koma anagwira chogwirira cha chitseko, kudzikoka, n'kuimanso pomwe anali. Dzanja limodzi linali pa diso. Ndi diso linalo anayamba kuyang'ana anthu mmodzimmodzi, n'kumawatchula maina.

"Kelvin, mwana wa amake Kelvin a pa chigayo, ndiwe wagwira petulo. Ndakuona. Ba Lungu a masofa, ndakuonani. Mwila, tayala ilo ndi lako. Amake Joyce, mwanyamula mwala, ndakuonani."

Sanakuwe. Ankatchula ngati mphunzitsi akuitana maina m'kalasi, ndipo phokoso linayamba kutsika chifukwa aliyense ankafuna kumva ngati dzina lake lituluke. Anatchula anthu oposa makumi awiri. Panalibe nkhope imene sanaidziwe. Onse anaimapo pa sitepe imeneyo ndi foni yakufa m'manja.

Kenako analoza manja amene anali m'mwamba. Anthu ambiri ankajambula.

"Jambulani bwino. Musasiye. Mujambulane nkhope. Pofika madzulo dziko lonse likhala litaona amene anayatsa machesi, ndipo a khoti sadzavutika. Ine mukandiwotcha, mafoni anuwo adzanena."

Manja anayamba kutsika. Ndinaona mtsikana wina akubisa foni m'chitenje. Amake Joyce anasiya mwala kugwa pansi ngati sunali wawo. Ba Sakala anayang'ana chitsulo chimene chinali m'manja mwawo, anayang'ana magazi a mnzawo, ndipo anatembenuka n'kuima pambali pawo, msana ku chitseko, nkhope kwa anthu.

"Wamene afuna loko iyi ayambe na ine," anatero.

Koma panali munthu mmodzi amene maina ndi makhoti sizikanamuopsa. Amake Natasha anadutsa pakati pa anthu, chitenje chitamasuka, mawu atasasa. Anagwira ba Mbewe pa shati yamagaziyo.

"Ba Mbewe, naimwe muli na bana. Nipaseni mwana wanga. Mufunseni wamupeleka kuti."

Apa mawu a ba Mbewe anasintha. Sindinawamvepo akulankhula mofatsa chotero kwa wina aliyense.

"Mayi, tiyeni tione limodzi zimene amajambula. Mukapezamo Natasha, kiyi ndikwera ndekha kukatenga."

Anagogoda chitseko n'kumufunsa munthu uja dzina. Anati ndi Bwalya, wa ku Chawama. Anamufunsa nambala yotsegulira foni, ndipo anaitchula akulira. Ndinaona ba Mbewe akuzengereza kanthawi, chala chili pamwamba pa galasi. Kenako anatsegula zithunzi za munthu wina, koyamba ndi komaliza pa zaka zonse zimene ndinawadziwa. Poti sankaona bwino, anapereka foniyo kwa amake Natasha kuti azisuntha okha.

Munali zikwangwani. Chikwangwani cha saluni, cha butchala, cha malo otumizira ndalama, cha tchalitchi, geti la sukulu lopanda munthu, mphambano ya misewu. Munalinso chikwangwani changa. Mayiyo anasuntha, kusuntha, kusuntha, misozi ikugwera pa galasi. Anthu anaunjikana kumbuyo kwake kusuzumira. Anafika mpaka pa zithunzi za dzulo lake, za ku Mtendere, nazonso zikwangwani zokhazokha. Kenako anakhala pansi m'fumbi n'kuyamba kulira kulira kwina, kwa munthu amene tsopano sakudziwa koyang'ana.

Apolisi atafika anapeza theka la anthu litamwazikana kale. Ba Sakala ndi amene anakwera padenga kukatenga kiyi. Bwalya tinamupeza atakomoka ndi kutentha. Anali bambo wa ana anayi amene anapeza ganyu pa kakampani kena kopanga mapu a pa foni. Ankamulipira pa chikwangwani chilichonse chimene wajambula. Kapusi yofiirayo anapatsidwa ndi mlamu wake. Natasha anapezeka dzuwa lisanalowe. Anatsatira mnzake wa m'kalasi kukaona tiana ta galu, n'kugona pa mpando kwa eni akewo.

Diso la ba Mbewe silinapulumuke. Anakhala m'chipatala masabata awiri, ndipo atabwerera tinaona chimene mwala uja unawalanda. Ntchito ya mafoni ndi ya tinthu ting'onoting'ono ngati njere za mchenga. Ndi diso limodzi, dzanja lawo linkaphonya. Kachitsulo kowotcherera kankatera pambali pa pomwe akufuna. Ndinkamva akutukwana chapansipansi, kenako chinthu chikumenya khoma. Makasitomala nawonso anachepa. Amene anatchulidwa maina ankazungulira njira ina. Ena anayambitsa nkhani yakuti mdalayo analidi m'gulu la oba ana, apo ayi bwana wa kampani angakhalirenji mu kontena? Nkhani imeneyonso inayenda pa mafoni. Amene anaponya buloko sanadziwike mpaka lero, ngakhale ndikukhulupirira kuti ba Mbewe anamuona. Apolisi atawafunsa anati diso limene linaona ndi lomwe linaphulikalo.

Bwalya anabwera kamodzi, ndi mkazi wake ndi nkhuku yoyera. Ba Mbewe analandira nkhukuyo, kenako anamukalipira kwa mphindi khumi chifukwa choyenda m'makomboni a eni ake akujambula popanda kalata kapena chovala chosonyeza ntchito yake. Anamulembera kalata yoti akapereke kwa mabwana ake, yowauza kuti akufuna kuphetsa anthu. Bwalya anachoka akuthokoza, koma akuoneka ngati wachoka kwa hedimasitala.

Patapita mwezi, masana ena amake Chisomo anabwera ndi chakudya monga mwa masiku onse. Anaima panja, n'kuona amuna awo akulimbana ndi kasikuruu kamene kanawagwa kachitatu. Ndinamva sitepe ikulira. Analowa.

"Sunthani. Mukufuna kalowe pati?"

"Apa. Ayi, apa! Osakanikiza, si mtondo umenewo."

"Mukandikalipira ndituluka."

Sanatuluke. Kuyambira tsiku limenelo ankakhala mu kontena kuyambira m'mawa mpaka madzulo, atavala magalasi awo owerengera Baibulo, ba Mbewe akunena, iwo akugwira. Pakutha pa chaka ankasintha okha galasi la foni. Mikangano sinathe, inangosamukira mkati. Sananenepo kuti amuna awo anachita bwino kusiya ntchito. Tsiku lina ndinawamva akunena kuti akanakhala adakali ku kampani, akanawatumiza ku chipatala cha kunja ndipo diso likanachira. Ndinaimitsa makina kuti ndimve yankho. Ba Mbewe anangoti, "Mwina." Anapempha kuti awapatsire kapanira.

Ine ndinasunga mlandu wanga miyezi inayi. Ndinkawapatsa moni osawayang'ana kumaso. Tsiku lina amake Chisomo atapita kumsika, ndinalowa n'kuima pafupi ndi tebulo.

"Ba Mbewe, vidiyo ija... ine ndinaitumiza. Ku magulu atatu."

"Ndikudziwa. Amake Chisomo ali m'gulu la ku tchalitchi. Inafika ndi dzina lanu."

"Ndiye osandifunsa bwanji?"

"Ndinkadikira kuti mubwere nokha. Mwachedwa."

Ndinayamba kulira. Sanandisisite paphewa, sananene kuti palibe kanthu. Anandisiya mpaka ndinamaliza, kenako anati Loweruka ndibwere ndi amayi onse a m'magulu atatu aja, aliyense ndi foni yake.

Tinabwera asanu ndi anayi. Anatikhazika pa mabenchi obwereka kwa akalipentala, n'kutionetsa mmene munthu angadziwire kuti chithunzi ndi chakale, mmene mawu amamatidwira pa vidiyo ya kwina, mmene akuba amalembera uthenga wonamizira kuti wachokera kwa m'bale wako. Ankatikalipira ngati ana. Loweruka lotsatira tinali makumi awiri. Anapitiriza choncho zaka zinayi, osalandira kalikonse, mpaka sabata imene anamwalira. Amake Natasha ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo sanajombepo. Sindinganene kuti komboni inasintha. Mabodza akadayendabe, ndipo a maliro awo omwe ndanena aja ndi umboni. Koma m'gulu lathu la ku tchalitchi, amene anatumiza chithunzi cha mdala wadazi anafunsidwa ndi amayi anayi kuti wachitenga kuti, mpaka anachifuta.

Maliro atatha, amake Chisomo anayesa kutsegula okha kwa milungu itatu. Ntchito ankaitha, koma anati sangakhale m'menemo popanda wokangana naye. Chisomo anawatenga kukakhala nawo ku Chainda. Kontena anaigulitsa kwa munthu wa ku Matero wofuna kugulitsiramo simenti, ndipo inabwera lole ya makina okwezera katundu wolemera n'kuinyamula m'mawa wina anthu akuonerera.

Pamene inali patsala malo a makona anayi, dothi lake lotuwa kusiyana ndi lozungulira, ndi mabuloko anayi amene inakhalirapo. Khoma langa la mbali imeneyo, limene silinaonepo dzuwa, lili poyera tsopano, lopanda pulasitala, ndipo m'miyezi yozizira mphepo imalowera m'ming'alu yake. Mvula ikagwa, madzi amafukula timasikuruu ndi tizidutswa ta galasi, n'kumanyezimira m'matope. Malo a m'mbali mwa msewu uno anthu amamenyanirana, koma tcheyamani wa pamsika wapereka pamenepa kwa anthu atatu, ndipo onse atatu anapeza chifukwa chokanira. Oyenda pansi sadutsapo. Amalambalala, ngakhale kudutsapo kukanafupikitsa njira. Udzu sumerapo. M'mawa uliwonse, asanayale tomato wake, amake Natasha amabwera ndi tsache n'kusesapo kuyambira buloko loyamba mpaka lachinayi. Palibe anawatuma, ndipo palibe amene wawafunsapo chifukwa chake.